Walira Mvula Walira Matope: Bala la Pachifuwa Pambuyo pa Opaleshoni ya Mtima

Sabata yatha tidakambirana m'tsamba lino za mavavu a mtima, ndiponso momwe zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino paubwana zimaonongera mavavuwo pang'onopang'ono, kufikira munthu atafunika opaleshoni. Lero tipitirize ndi nkhani ya khomo limene madokotala amalowera pofuna kufikira mtimawo, pakuti khomo limeneli likakana kutsekeka bwino, ntchito yonse yokonza mtima ikhoza kupita pachabe.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Atsibweni anga, munthu wazaka zopitirira 60, adatumizidwa kunja kwa dziko lino kukachitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima. Atabwerako tidapha mbuzi, mudzi wonse udasonkhana, ndipo iwo adatsegula mabatani a malaya kutionetsa mzere wautali wotsika kuchokera m'munsi mwa khosi kulekeza pamwamba pa mimba. Patapita masiku asanu, akazi awo pochapa adaona kadontho kachikasu pamalaya a mkati. Atawafunsa, iwo adayankha kuti, "Musade nkhawa amayi, ndi thukuta chabe limenelo." Usiku wotsatira thupi lidatentha, ndipo potsokomola adamva fupa la pachifuwa likuchita ngati kugwedera. Tidathamanga nawo kuchipatala, kumene adagonekedwa sabata zisanu ndi imodzi. Adachira, koma chimene sindidachiiwale ndi mafunso awiri amene dokotala adayamba kufunsa asanatsegule n'komwe bandeji: kodi bambowa ali ndi matenda a shuga, ndipo kodi amasuta fodya? Mayankho onse awiri adali inde. Pamenepo mpamene ndidazindikira kuti tsoka la balalo lidayamba kale, mpeni usanakhudze khungu.

Khomo lolowera kumtima

Ophunzira athu a sayansi ya zamoyo amadziwa kuti mtima udatchingidwa bwino kwambiri. Kumbuyo kuli msana, m'mbali muli nthiti, ndipo kutsogolo kuli fupa lathyathyathya la pachifuwa, limene nthiti zisanu ndi ziwiri za mbali iliyonse zimalumikizika nalo. Makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo panthawi ya opaleshoni adagwiritsidwa ntchito bwino koyamba ndi John Gibbon ku Philadelphia m'chaka cha 1953, ndipo mu 1957 Ormand Julian ndi anzake adalimbikitsa njira yofikira mtima podula fupa la pachifuwali pakati, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kufikira lero maopaleshoni ambiri akuluakulu a mtima amadzera njira yomweyi. Ntchito ikatha, mbali ziwiri za fupalo amazimanga pamodzi ndi mawaya a chitsulo chosachita dzimbiri, kenaka n'kusoka minofu ndi khungu pamwamba pake.

Tsono taganizirani kusiyana kwa fupa limeneli ndi mafupa ena. Mwana akathyoka mkono pampira, amamuika chikhakha ndipo mkonowo umapuma mpaka utalumikizana. Chifuwa sichingaikidwe chikhakha. Munthu wamkulu amapuma kokwanira 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupifupi ka 20,000 pa tsiku, ndipo kupuma kulikonse kumasuntha nthiti ndi fupa lodulidwalo. Fupali liyenera kulumikizana lili pantchito, ndipo zimatenga sabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, kulimba kwenikweni n'kudza pafupifupi miyezi itatu itatha.

Matenda a balali ali pawiri. Ena amakhala pamwamba, pakhungu ndi m'mafuta a pansi pake, ndipo kawirikawiri amatha ndi kutsuka bala ndi mankhwala. Ena amalowa mkati, kugwira fupa, mawaya, ndi mpata wa kuseri kwa fupa kumene kuli mtima weniweniwo. Amenewa madokotala amawatcha mediastinitis. Sagwira anthu ambiri, pakuti mwa odwala 100 ochitidwa opaleshoni yotere amagwira mmodzi, awiri kapena atatu. Koma akagwira ngoopsa zedi: mwa anthu khumi odwala matenda a mkatiwa, mmodzi kapena awiri amamwalira, ndipo otsalawo amakhala m'chipatala sabata zambiri. Mbiri ya zachipatala idatichenjeza kale kuti tizilombo tikhoza kugonjetsa luso la dokotala. Mu December 1967 Christiaan Barnard adaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Mtimawo udagunda bwino, koma wodwalayo adamwalira patapita masiku 18 ndi chibayo, chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima wachilendo adafooketsa chitetezo chake. Ameneyu sadafe ndi bala, komabe phunziro lake ndi lomwelo.

Mdani wa m'nyumba momwe

Ambiri timaganiza kuti tizilombo tolowa m'bala timachokera pazida zosatsukidwa kapena m'manja mwa anamwino. Nthawi zina zimaterodi, koma kawirikawiri timachokera pathupi la wodwala mwini. Kachilombo kamene kamavutitsa kwambiri pabala la pachifuwa ndi Staphylococcus aureus pamodzi ndi abale ake okhala pakhungu. Dokotala wa ku Aberdeen, Alexander Ogston, ndiye adaona tizilombo ta mtunduwu m'mafinya m'chaka cha 1880, titaunjikana ngati phava la mphesa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amasunga kachilomboka m'mphuno mwake popanda kudwala. Kuchokera m'mphunomo kamafika pazala, pazala n'kupita pachifuwa, ndipo khungu likangodulidwa kamapeza khomo lotseguka.

Kafukufuku wochitidwa m'zipatala za ku Netherlands ndi kufalitsidwa mu 2010 adaonetsa kufunika kwa mfundoyi. Odwala amene adapezeka ndi kachilomboka m'mphuno adagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina lidapakidwa mankhwala a mupirocin m'mphuno ndi kusamba sopo wa chlorhexidine, gulu linalo lidapatsidwa zofanana nazo maonekedwe koma zopanda mankhwala. Mwa odwala 100 a gulu loyamba, amene adadwala ndi kachilomboka ali m'chipatala adali 3.4, pamene a gulu lachiwiri adali 7.7. Choncho mu malangizo ake a 2016 opewera matenda a mabala a opaleshoni, bungwe la World Health Organization lidalimbikitsa kuti onyamula kachilomboka apakidwe mankhwalawa asanachitidwe opaleshoni ya mtima.

Komabe kachilombo pakokha sikakwanira. Tonsefe timacheka zala ndi mpeni, koma sitonse timatukusira. Chimene chimapatsa kachilombo mpata ndi thupi lofooka, ndi bala losafikiridwa bwino ndi magazi. Apa mpamene pagona nkhani yathu.

Shuga

Mwa zonse zimene wodwala amabwera nazo kuchipatala, matenda a shuga ndiwo amatchulidwa kawirikawiri. Shuga akachuluka m'magazi, maselo oyera, amene ndi asilikali a thupi, amachita ulesi: amachedwa kufika pabala ndipo akafika sapha tizilombo mwamphamvu. Kuonjezera apo, shuga wa zaka zambiri amaononga timitsempha ting'onoting'ono timene timanyamula mpweya ndi chakudya kupita kumalo ofunika kumera mnofu watsopano. Ngakhale munthu wopanda matendawa, shuga wake amakwera pambuyo pa opaleshoni yaikulu chifukwa thupi limakhala lili pankhondo, ndipo kwa wodwala shuga kukwerako kumanyanya.

Ku Portland, m'dziko la America, Anthony Furnary ndi anzake adatsata odwala shuga 2,467 amene adachitidwa opaleshoni ya mtima pakati pa 1987 ndi 1997. Poyamba ankawabaya insulini pakhungu nthawi ndi nthawi, ndipo awiri mwa odwala 100 alionse ankadwala matenda a mkati mwa bala. Atayamba kupereka insulini mosalekeza kudzera mudiripi, kuti shuga asapitirire 200 mg/dL m'masiku oyamba, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 0.8. Zotsatirazi zidafalitsidwa mu 1999 ndipo zidasintha kachitidwe ka zipatala zambiri. Phunziro lake nlakuti choopsa chenicheni ndi shuga wosasamalidwa. Vuto lathu kuno nlakuti anthu ambiri amayenda ndi matendawa osadziwa. Aliyense amene akuyembekeza opaleshoni ayenera kuyezetsa, ndipo kumene kungatheke apemphe kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa momwe shuga wakhala akuyendera m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo.

Kunenepa

Pachikhalidwe chathu, munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera, ndipo mkazi akaonda timayamba kufunsa ngati pabanja pali mtendere. Pa tebulo la opaleshoni kunenepa kopitirira muyezo ndi katundu wolemera. Mafuta a pansi pa khungu alibe mitsempha yambiri ya magazi, motero bala lodutsa m'mafuta ochindikala limachira mochedwa, ndipo mankhwala opha tizilombo safikamo mokwanira. Chifuwa cholemera ndi mimba yaikulu zimakoka mbali ziwiri za bala kuti zitalikirane, ndipo mawaya akhoza kudula fupa monga momwe chingwe chimadulira sopo. Amayi a mabere aakulu amakhala pachiopsezo chomwechi, nchifukwa chake amalangizidwa kuvala chovala chogwira bwino mabere usana ndi usiku m'sabata zoyamba.

Aphunzitsi a masamu akhoza kupatsa ophunzira ntchito iyi. Tengani kulemera kwa munthu m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu wake m'mamita mutauchulukitsa ndi iwo womwe. Yankho likafika 30, madokotala amati munthuyo wanenepa mopitirira. Munthu wotalika mamita 1.7 amafika pamuyezowu akalemera makilogalamu 87. Koma tisaiwale mbali inayo. Wodwala woonda ndi wosowa zakudya m'thupi, monga amakhalira achinyamata ambiri amene mavavu awo adaonongeka kalekale, naye bala lake limavuta, chifukwa thupi silingamange mnofu watsopano popanda zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsomba, mazira ndi nsinjiro.

Fodya ndi chifuwa

Ife a dziko lolima fodya tiyenera kumva bwino mfundo iyi. Fodya amalimbana ndi bala m'njira zitatu. Nikotini amafinya timitsempha ta magazi. Mpweya woipa wa carbon monoxide wa mu utsi umakangamira kumagazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino, motero magazi ochepa amene afika pabala amafikanso osanyamula mpweya wokwanira. Njira yachitatu ndiyo chifuwa. Wosuta amakhala ndi makhololo ambiri pambuyo pa opaleshoni, ndipo kutsokomola kulikonse kwamphamvu kumakankha fupa lomangidwalo kuchokera mkati. Mawaya akamasuka, fupa limayamba kugwedera, mpata umatseguka, madzi amasonkhanamo, ndipo tizilombo timapeza dziwe loswaniranamo. Izi n'zimene zidachitikira atsibweni anga, amene adasuta chingambwe zaka makumi anayi ndipo adaleka tsiku lokwera ndege. Madokotala amalangiza kuleka fodya sabata zinayi kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike. Amayi amene akhala zaka zambiri akuphika ndi nkhuni m'khitchini yopanda mazenera akhoza kukhala ndi mapapo oonongeka chimodzimodzi, ngakhale sadagwirepo ndudu, ndipo ayenera kuuza dokotala za chifuwa chawocho.

Palinso zina zimene munthu sangazisinthe koma ayenera kuziulula. Impso zofooka, ukalamba ndi mafupa ofumbwa, mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi, ndiponso opaleshoni ina yakale pachifuwa pomwepo, zonsezi zimakweza chiopsezo. Dzino lobooka, chithupsa kapena matenda a mumkodzo ziyenera kuchizidwa ulendo usanayambe.

Zochitika m'chipinda cha opaleshoni

Mbali ina ya chiopsezo ili m'manja mwa madokotala, ndipo pena amakakamizika kusankha pakati pa zabwino ziwiri. Kuseri kwa fupa la pachifuwa kumatsika mitsempha iwiri, wina kumanzere wina kumanja, imene imadyetsa fupalo magazi. Mitsempha yomweyi ndiyo yabwino koposa polambalalitsa magazi pamalo otsekeka a mtima. Mu 1986 Floyd Loop ndi anzake a ku Cleveland Clinic adaonetsa kuti odwala amene adalumikizidwa ndi mtsempha wa pachifuwawu ankakhala ndi moyo zaka zambiri kuposa amene adalumikizidwa ndi mitsempha ya m'mwendo yokha. Koma mtsempha ukapatutsidwira kumtima, mbali imeneyo ya fupa imatsala ndi magazi ochepa. Akatenga yonse iwiri, fupalo limakhala ngati dimba limene ngalande zake zonse zapatutsidwa, ndipo kwa wodwala shuga kapena wonenepa chiopsezo chimakwera kwambiri. Nchifukwa chake madokotala amayamba ayeza bwino munthu asanatenge yonse iwiri, ndipo ambiri amasenda mtsempha wokhawo mosamala, kusiya minofu ndi timitsempha toyandikana nawo pamalo pake.

Opaleshoni ikatalika, bala limakhala lotseguka nthawi yaitali. Wodwala akataya magazi ambiri mpaka kutsegulidwanso tsiku lomwelo, akathiridwa magazi ochuluka, kapena akakhala masiku ambiri pamakina opumira, chiopsezo chimakwera. Opaleshoni yadzidzidzi ilinso ndi vuto lake, pakuti sipakhala nthawi yokonza shuga kapena kuyeretsa m'mphuno. Ngakhale kumeta kuli ndi lamulo lake. Lumo limasiya timabala tosaoneka ndi maso momwe tizilombo timaswana usiku wonse, motero malangizo a 2016 aja amaletsa kumeta ndi lumo, ndipo amati ngati tsitsi liyenera kuchotsedwa, lidulidwe ndi makina ometera. Amanenanso kuti mankhwala opha tizilombo aperekedwe mkati mwa mphindi 120 khungu lisanadulidwe, kuti mpeni ukamalowa apezeke ali kale m'magazi.

Alonda a kunyumba

Gawo ili likutikhudza ife kwambiri. Odwala athu ambiri a mtima amakachitidwa opaleshoni kutali, monga ku India kapena ku South Africa, ndipo amabwerera patapita sabata zochepa. Matenda a bala nawo amakonda kuonekera m'sabata ziwiri, zitatu kapena zinayi zoyamba. Ndiye kuti nthawi yoopsayo imawapeza ali kumudzi, dokotala amene adawachita opaleshoni ali kutsidya la nyanja. Amene amaona bala tsiku ndi tsiku ndi mkazi, mwamuna kapena mwana amene wangomaliza Fomu 4, ndipo ameneyu ndiye mlonda.

Akuluakulu adati tsoka silinunkha, koma tsoka ili limachenjeza. Bala likayamba kufiira ndi kutupa, likamatentha pokhudza, likamatuluka madzi kapena mafinya, ululu ukamakula m'malo mochepa, thupi likatentha kapena kunjenjemera, makamakanso fupa likamagwedera potsokomola kapena potembenuka, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula kalata imene adakupatsani potuluka, ndipo muuze wachipatala poyambirira penipeni kuti munthuyu adachitidwa opaleshoni ya mtima tsiku lakutilakuti. Musapake pabala phulusa, mafuta odzola kapena masamba. Musagule makapisozi kumsika, chifukwa amabisa zizindikiro pamwamba pamene fupa likuonongeka mkati. Wodwala shuga akaona kuti shuga wake wakwera popanda chifukwa, akayikire bala.

Kufikira fupa litagwirana, wodwala asanyamule chinthu cholemera kuposa makilogalamu asanu. Ndowa ya malita 20 imalemera kanayi kuposa muyezowu. Khasu, nkhwangwa, musi, mjigo ndi njinga zidikire mpaka dokotala atalola, ndipo mwana wolira asanyamulidwe ndi agogo ake ongochira kumene. Potsokomola kapena poyetsemula, wodwala akumbatire mtsamiro pachifuwa. Podzuka pamphasa kapena pabedi, ayambe wagonera cham'mbali, osakankha pansi ndi manja onse awiri. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse nkwabwino, chifukwa kumatsegula mapapo ndi kuyendetsa magazi. Odzazonda matenda alandiridwe monga mwa mwambo wathu, koma bala si chionetsero. Ife tidalakwa kulola kuti atsibweni azitsegula malaya kwa mlendo aliyense, ena mpaka kukhudza ndi chala. Wosamala bala asambe m'manja ndi sopo asanaligwire ndiponso ataligwira.

Matenda a mkati akapezeka msanga, chithandizo chilipo. Madokotala amatsegulanso bala, kuchotsa mnofu ndi fupa lakufa, ndi kupereka mankhwala amphamvu kwa sabata zingapo. Mu 1980 Maurice Jurkiewicz ndi anzake a ku Atlanta adaonetsa ubwino wotseka mpata ndi mnofu wa pachifuwa wokhala ndi magazi ake, ndipo mu 1997 Louis Argenta ndi Michael Morykwas adafalitsa njira yoika siponji pabala ndi kuyamwa madzi ake ndi makina. Njira zimenezi zidapulumutsa anthu ambiri, koma nzodula, ndipo zimatenga nthawi ndi mphamvu za banja lonse.

Walira mvula walira matope. Amene akufuna mtima wokonzedwa ayenera kuvomera bala, ndipo bala limafuna kukonzekeredwa. Mabanja athu amadikira miyezi yambiri kuti dzina la wodwala lituluke pamndandanda wa opita kunja, ndipo miyeziyo timaitha tikusonkha ndalama ndi kudandaula. Atsibweni anga adadikira miyezi isanu ndi iwiri. Ikadakwanira kuleka fodya, kutsitsa shuga, kuchepetsa thupi ndi kuchotsa dzino limene linkawavuta. Palibe adatiuza, nafenso sitidafunse, ndipo safunsa adadya phula. Inu aphunzitsi anzanga ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, ndinu amene mumawerengera makolo makalata a kuchipatala. Tsiku limene kalata yotere idzafike pakhomo panu, mudzafunse dokotala kuti, "Kodi m'miyezi yodikirayi tichite chiyani kuti bala lidzapole?"

Sabata ya mawa tidzakambirana za mankhwala a warfarin, amene oikidwa vavu yachitsulo amamwa moyo wawo wonse, ndi chifukwa chake magazi awo ayenera kuyezedwa kawirikawiri.